Ana Anga, Chenjerani ndi Phuma

Ana anga, adzukulu anga, vundikirani kaye mafoniwo mundimvere. Sindikufuna kunyoza foni ayi, poti inenso ndili nayo, ndipo ndi momwemo mmene ndimamvera mawu a mlongo wanu ali ku Joni ndi kulandirira ya sopo imene mumanditumizira. Chimene ndikufuna kukuchenjezani ndi phuma. Ndaona kuti pafupifupi aliyense wofuna kukudyerani masuku pamutu, kaya ndi wakuba wa pa foni, kaya wogulitsa mankhwala ochiza chilichonse, kaya wolonjeza ntchito ya kunja, amayamba ndi kukulandani nthawi yoganiza. Amati tumizani pompano, gawirani ena asanaufufute, malo angotsala awiri. Munthu wachilungamo sanjenjemera mukamuuza kuti ndikuyankhani mawa.

Ine ndinakalambira ku positi ofesi, ndiye za mauthenga ndikuzidziwako. Masiku amenewo kalata yochokera ku migodi inkayenda milungu, n'kudzafikira pa keyala ya sukulu kapena ya tchalitchi, aphunzitsi n'kupatsira mwana kuti akapereke kwa amayi ake. Telegalamu inkalipiridwa potengera kuchuluka kwa mawu, choncho munthu ankayamba waganiza asanagwire cholembera. Sindikuti kale kunali bwino. Anthu ankaika maliro mwana wa malemu asanamve, ndipo odwala ankatsirizikira pa ngolo posowa njira yoitanira galimoto. Komabe kuchedwa kuja kunali ndi ubwino wake umene sitinkauwerengera. Mkwiyo unkazizira kalata isanaponyedwe m'bokosi, ndipo bodza linkatopa panjira lisanafike mudzi wachitatu.

Mafoni a m'manja anayamba kuoneka kuno chapakati pa zaka za m'ma 1990, ali a mabwana okhaokha. Airtel Money inabwera mu 2012, Mpamba n'kutsatira mu 2013, ndipo kuyambira pamenepo chikwama cha ndalama chinalowa m'foni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo anthu 17.5 miliyoni, theka lake osakwana zaka 18. Ambiri a inu munabadwa foni ili kale m'nyumba, pamene ife oyenera kukulangizani tinaidziwira kuukulu, mwinanso ndinu amene mumatitsegulira. Anamkungwi anatiphunzitsa kulemekeza apongozi ndi kusalowa kuchipinda kwa makolo, koma kutsimba kunalibe mwambo wa WhatsApp. Mukukula nacho chinthu chimenechi popanda wokugwirani dzanja.

Tiyambe ndi akuba, poti machenjera awo ndi osavuta kuwaona. Foni ilira, munthu waulemu wake akuti pepani bambo, ndatumiza ndalama ku nambala yanu molakwitsa, inali ya mankhwala a mwana, chonde bwezani msanga. Mukayang'ana, uthenga ulipodi wonena kuti mwalandira K45,000. Koma uthengawo waulemba ndi iye yemweyo pa nambala wamba, ndipo mukanayamba mwaona ndalama zimene zili mu akaunti yanu mukanapeza kuti simunalowe ngakhale tambala. N'chifukwa chake amalira, amachonderera, salola kuti mudule foni. Wina amati ndine mphunzitsi, mwana wanu wakomoka, tili naye kuchipatala. Wina amangolemba kuti ndalama ija tumizani pa nambala iyi, n'kumwaza uthengawo kwa anthu mazanamazana, podziwa kuti sipalephera mmodzi amene analidi pafupi kutumiza ya lendi kapena ya mlamu wake. Apolisi akhala akunena kuti ena mwa oimba mafoni amenewa amaimba ali m'ndende momwe.

Dulani foniyo, muimbire mwini nkhani pa nambala imene mukuidziwa kale. Nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atati akuimba kuchokera ku kampani, ngakhale ejenti, ngakhale chibwenzi. Ndipo chiyambire 2018, pamene simu iliyonse inayamba kulembetsedwa ndi chiphaso cha unzika, kubwereketsa chiphaso chanu kuti wina akalembetsere simu n'kudziitanira mlandu. Akakaba ndi nambala imeneyo, dzina limene apolisi akalipeze ndi lanu.

Wakuba ndalama ndi wabwinoko, poti ndalama zimapezekanso. Bodza ndilo latidyera anthu. Mphekesera ya anamapopa si yachilendo, tinaimvapo mu 2002. Koma itabukanso ku Mulanje ndi ku Phalombe mu September 2017 inapeza mafoni akuidikira, ndipo pa milungu yochepa inali itafika ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mu mzinda wa Blantyre. Anthu anatchinga misewu, kugona panja m'magulumagulu, kusecha zikwama za alendo. Ogwira ntchito zaumoyo ankaopa kulowa m'midzi ndi zipangizo zawo. Anthu osachepera 8 anaphedwa, ena kugendedwa ena kutenthedwa, ndipo mmodzi mwa ophedwa ku Blantyre anali mnyamata wodwala khunyu. Madotolo ananena poyera kuti palibe umboni woti wina anapopedwadi magazi. Tsono ndikufunseni, mwala umene unapha mnyamata uja anauponya ndani? Amene anaugwira, inde. Koma aliyense amene anati ndamva kuti, n'kupatsira mnzake asanafunse, anathandiza kuutola.

Mwina mumadabwa kuti bwanji zoopsa ndi zozizwitsa n'zimene zimakuchingamirani mukatsegula Facebook kapena TikTok. Sizingochitika zokha. Makampani amenewa simuwalipira polowa, bandulo mumagula kwa ena. Iwo ndalama amapeza kwa otsatsa malonda, ndipo otsatsa malonda amalipira kuti maso anu akhale pamenepo. Choncho makina awo amawerenga kanema amene mwaimapo, amene mwabwereza, amene wakukwiyitsani mpaka kulembapo ndemanga, n'kukubweretserani wina wofanana naye. Kaya ndi zoona kaya ndi zabodza, makinawo alibe nazo ntchito, bola musachoke. Ndiye poti nkhani yoti mvula yagwa bwino ku Dowa siimitsa munthu, koma yoti mayi wasanduka njoka pamsika imaimitsa, njokayo ndi imene muzionetsedwa.

Panonso kwabwera makina otha kupanga chithunzi cha chinthu chimene sichinachitikepo, ndi kutsanzira mawu a munthu mpaka mayi ake omubereka kusokonezeka. Kale munthu akati ndaona ndi maso anga, mlandu unkathera pomwepo. Pa foni maso asiya kukhala mboni. Muzifunsa kuti wanena ndani, ananena liti, nanga inu mukakhulupirira iye apindula chiyani. Uthenga wopanda mwini, wongoti dotolo wina wamkulu wa ku America waulula, uzithera pa inu.

Dziwaninso kuti pali lamulo la 2016 lotchedwa Electronic Transactions and Cyber Security Act, ndipo anthu amangidwapo kale chifukwa cha zimene analemba pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ena mwa iwo ine ndimaona kuti sanayenere kumangidwa, poti kudzudzula atsogoleri ndi ufulu umene tinauvotera mu 1993. Koma kuopseza mnzako kapena kufalitsa zithunzi zake ali maliseche ndi mlandu ndithu, ndiponso ndi nkhanza. Iwe mtsikana, ndi iwenso mnyamata, chithunzi cha thupi lako chikangotuluka m'foni mwako si chakonso. Chibwenzi chimatha, foni imabedwa, imapita kwa okonza, koma chithunzicho chimakhalapobe. Wokukondadi sangakuumirize kuti utumize usiku womwe uno.

Musandimve ngati ndikuti chidwi n'choipa. Mwana wopanda chidwi ndiye amandidetsa nkhawa. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anasiya sukulu ya sekondale pa njala ya 2001 ndi 2002, makolo ake atasowa fizi. Ali ndi zaka 14 ankapita ku kalaibulale ka pa sukulu ya pulaimale, kumene anapeza buku lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo. Chingerezi chinkamuvuta, ankangotsatira zithunzi. Anatola zitsulo zotayidwa, felemu ya njinga ya bambo ake, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugamu, mpaka m'nyumba mwawo munayaka magetsi, anthu amene ankamunena kuti wapenga n'kumabwera kudzatchajitsa mafoni. Intaneti anadzaiona koyamba mu 2007 atamuitanira ku msonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ndipo atamuonetsa Google anafufuza za makina a mphepo omwewo. Zonse zimene iye ankazisowa inu muli nazo m'thumba. Kusiyana kwake n'kwakuti iye ankapita ku laibulale ali ndi funso. Nanunso muzitsegula intaneti muli ndi funso, kaya la kalumikizidwe ka sola, kaya la kadulidwe ka kolala ya shati, kaya la matenda amene akufotetsa tomato wanu kudimba. Mukalowamo chilowelowe, mudzatuluka bandulo itatha, khosi likuwawa, osakumbuka ngakhale chimodzi mwa zimene mwaona.

Ndipo nthawi zambiri mumatulukamo tambala atalira. Ndimakuona kuwala kwa foni pansi pa bulangete pakati pa usiku, ati bandulo ya usiku ndi yotchipa. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7, wa kusekondale kuposa apo. Zimene mwapulumutsa pa bandulo mumakalipira m'mawa ndi mutu, ukali ndi kuiwala zimene munawerenga, ndipo ngati ndinu wa kabaza kapena dalaivala mumalipira ndi moyo wa amene mwanyamula. Foni izigona patali ndi pamene mwagona inu.

Pa nkhani ya matenda, phuma lofuna kuchira lero lomwe latipweteka kwambiri Amalawife. Mu 1995, Edzi ili pakati potimaliza, kunamveka kuti ku Machinga kuli mkulu wina, a Billy Chisupe, amene analota mankhwala ochiza matendawa. Anthu miyandamiyanda anakhamukira kumeneko pa malole, pa mabasi ndi pa njinga kukamwa mchape. Amene tinalipo tikudziwa kuti maliro sanaleke, ndipo okhoma mabokosi anapitiriza kuchuluka m'mbali mwa misewu. Chimene chinadzachepetsa maliro ndi ma ARV, amene boma linayamba kupereka ulere mu 2004, mankhwala osalonjeza zozizwitsa, ongofuna kuti uzimwa tsiku ndi tsiku moyo wako wonse. Anthu amene tinkawawerengera masiku lero akulera zidzukulu. Mchape wa masiku ano wasamukira m'magulu a WhatsApp, kumene botolo limodzi akuti likuchiza shuga, BP, khansa, kusabereka ndi Edzi yomwe, kulipira kwake ndi pa foni. Aliyense wokuuzani kuti tayani ma ARV mwachiritsidwa, kaya wavala suti yoyera kaya wanyamula Baibulo, muuzeni kuti mupemphera naye uku mukumwa mankhwala anu. Kachilombo kakasiya kuoneka poyeza sikuti kafa, kangogonja. Mukasiya mankhwala kamadzukanso, nthawi zina katalimba mutu.

Kulimba mutu kwa tizilombo tinakuona ndi malungo. Ife tinakula ndi kolokwini, wowawa uja, woyabwitsa thupi. Anthu ankamumwa mwachisawawa, mutu ukangowawa mapiritsi awiri n'kusiya, mpaka anatha mphamvu. Mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kumusiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar nayenso anatopa, ndipo mu 2007 tinayamba LA. Tikamuseweretsa ameneyu atopanso. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Kayezetseni, ndi kadontho kamodzi ka magazi ndi mphindi zochepa, ndipo akakupezani nawo malizani mankhwala onse a masiku atatu ngakhale mutapeza bwino tsiku lachiwiri. Chimodzimodzi makapisozi a amoxicillin amene mumagula awiriawiri pa okala. Chimfine sichimva mankhwala amenewo, mukungozoloweretsa tizilombo, ndipo tsiku limene mwana wanu adzadwale chibayo mudzawapeza alibe mphamvu.

Pali matenda enanso amene sagogoda. Kale tinkati BP ndi shuga ndi za mabwana. Lero tikuika m'manda anthu a zaka za m'ma 40, aphunzitsi, amakaniko, amayi a geni, amene anangogwa kubafa mbali imodzi n'kufa, achibale n'kuyamba kuloza zala azakhali kuti awalodza. BP imatha kukhala yokwera zaka zambiri munthu osamva kalikonse, uku ikuwononga impso, mtima ndi mitsempha ya m'mutu. Kuyezetsa sikutenga nthawi, ndipo ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza, imeneyo yakwera. Bungwe la WHO limati mchere wa tsiku lonse usapose magalamu 5, kumene kuli kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi umene uli kale mu buledi, mu soseji ndi m'timibulu tokometsera ndiwo. Inu mumathira mumphika, n'kuthiranso pambale musanalawe, n'kukatsinanso wina pa chiwaya. Botolo laling'ono la kola limakhala ndi shuga wokwana timasupuni pafupifupi 8. Ndani wa inu angathire timasupuni 8 m'kapu ya tiyi amayi ake akuona?

Zakudya zimene thupi likufuna ndi zomwe mumazinyoza kuti n'zachimidzimidzi, nsima ya mgaiwa, nyemba, nandolo, nkhwani wotendera, bonongwe, chisoso, usipa, mbatata m'malo mwa buledi. Ndipo muziyendako pansi. Mtunda umene amayi anu ankayenda ndowa ili pamutu inu mukukwerera njinga yamoto, yopandanso helemeti. Pitani ku wodi ya mafupa ku Queens kapena ku Central mukafunse chimene chawagoneka anyamata ali m'menemo. Inu asungwana, khansa ya khomo la chiberekero ikupha amayi ambiri kuno kuposa khansa ina iliyonse. Katemera wake anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019, musabise ang'ono anu a zaumoyo akabwera kusukulu, ndipo inu akuluakulu kayezetseni, poti ikapezeka msanga imachizika.

Tsono ndifike pa chimene chimandipsetsa mtima kwambiri, kubetcha. Masamu anga ndi a kale, koma pa nkhani iyi akukwanira. Tiyerekeze kuti pa masewero alionse mwayi woti mulosere molondola ndi theka, kumene kuli kukukomerani mtima, poti mpira uli ndi kupambana, kugonja ndi kufanana mphamvu. Mukaika masewero 10 pa tikiti imodzi, mwayi woti onse akhoze ndi umodzi pa 1,024. N'chifukwa chake dandaulo lanu Lolemba lililonse ndi limodzimodzi, loti yandigwetsa timu imodzi yokha. Timu imodziyo si tsoka, ndi mmene masamuwo amayendera, ndipo kuphonya pang'ono kumeneko n'kumene kumakubwezerani mawa lake. Kandege kobetchera pa foni kaja ndiye kananyanya, chifukwa mpira umadikira Loweruka pamene iko kamauluka kamphindi kalikonse, usana ndi usiku, m'thumba mwanu momwemo. Kampani yobetchetsa imalipira lendi, antchito, misonkho ndi zikwangwani zonse mukuziona m'tauni. Ndalama zimenezo ndi zanu. K500 pa tsiku ndi K182,500 pa chaka. Wowina amamujambula atanyamula chicheke chachikulu akumwetulira, koma anthu zikwizikwi amene analuza kuti iye awine palibe amawajambula.

Kumene zimathera ndakuona. Woluza amafuna kubweza zimene waluza, abwereka pa foni, abwereka kwa akatapila, atenga za banki m'khonde za mkazi wake, agwira za kuntchito ati ndibweza ndikawina. Kenako manyazi. Apolisi akamalengeza chiwerengero cha anthu odzipha, ambiri amakhala amuna, ndipo ngongole ndi mavuto a m'banja sizisowa pa zifukwa zake. Mawu aja oti mwamuna salira aika anyamata ambiri m'manda. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, mwanawe. Ngongole, ikule bwanji, imakambidwa. Tikhoza kugulitsa mbuzi, tikhoza kukagwada kwa mwini ndalama, koma sitingakudzutse. Ukaona tulo tasowa, chakudya sichikulowa, maganizo akungozungulira pa imfa, uza munthu tsiku lomwelo, kaya malume ako, abusa, shehe, mnzako, kapena dotolo wa pa chipatala chimene uli nacho pafupi. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe ntchito yawo ndi yomweyo. Kuvutika maganizo ndi matenda ngati ena onse, si kulodzedwa. Nawenso ukaona mnzako wayamba kulemba zotsanzika pa sitetasi, usangoikapo kankhope kolira. Nyamuka upite kwawo.

Zambiri zimene zimakuwawitsani mtima n'zimene mumaona pa zithunzi za anzanu, ndipo zithunzi zomwezo n'zimene zimakukokerani kunja. Mnzanu wa ku Joni amajambulitsa atatsamira galimoto ya abwana ake, sajambulitsa kachipinda ka malata kamene amagonamo anthu asanu. Ulendo umenewu si wachilendo kwa ife. Azigogo anu anapita kumigodi pa Wenela, mpaka ndege inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, mu April 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi, Kamuzu n'kutseka njirayo. Inadzatsegukanso pa Theba mpaka 1988. Ndinaziona nyumba za malata zimene zinamangidwa ndi ndalama za kumigodi. Ndinaonanso amene anabwera ndi njinga, wailesi ndi chifuwa chosatha cha fumbi la pansi, ndipo ena amwalira akudikirabe ndalama zawo za Theba. Mu 2008 ndi mu 2015 tinalandira abale athu pa mabasi atathawa zipolowe zopitikitsa alendo, ena atangotsala ndi zovala za m'thupi.

Sindikuletsani kupita. Kuno ntchito n'zosowadi, ndipo amene amati achinyamata ndi aulesi sanaimepo pa mzere wa anthu mazana olimbirana malo amodzi. Koma pitani mutafunsa. Mu 2024 a BBC anaulutsa nkhani ya amayi a Chimalawi amene anakopedwa, ena kudzera pa Facebook, kuti kunja kuli ntchito za malipiro abwino, n'kukapezeka ali ku Oman m'nyumba za eni, atalandidwa mapasipoti, akugwira ntchito ya ukapolo, ena akumenyedwa ndi kugwiriridwa. Oposa 50 anapulumutsidwa, ndipo chimene chinathandiza kuwapeza ndi gulu la WhatsApp limene anayambitsa mayi wina wa Chimalawi wokhala ku America. Ntchito yeniyeni siyamba ndi kukuuzani kuti tumizani ya fomu pa nambala ya munthu. Funsani dzina la kampani, mukafunse ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu ngati ikudziwika. Kontirakiti muiwerenge muli kuno, pasipoti isachoke m'manja mwanu, ndipo kwanu adziwe keyala ya kumene mukupita. Akati malo akutha mawa, asiyeni athe.

Kwa otsala kuno mawu anga ndi akale: phunzirani ntchito ya manja, ngakhale muli ndi digiri. Mu May 2022 kwacha inagwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 n'kugwanso ndi 44 peresenti. Amene anasunga ndalama kunsi kwa pilo anadzuka atasauka, pamene wowotcherera zitsulo, telala, wokonza mafoni ndi woika sola anangokweza mtengo wa ntchito yawo. TEVETA ilipo chiyambire 1999, ndipo sukulu za ntchito zamanja zilipo ku Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia. Mukalephera kupeza malo kumeneko, kadziperekeni kwa mmisiri wa pamsika, muzimugwirira sipanala ndi kusesa pa shedi. Zaka ziwiri kapena zitatu za kutumidwa zimaoneka zambiri ukakhala ndi zaka 20, koma luso lake udzadyera mpaka imvi.

Luso lokhanso silikwana. Amisiri athu ambiri manja ndi abwino, chowapha ndi pakamwa, bwerani mawa, mawa lake osafika, ya zipangizo anadya kale. Ukalandira ndalama ya kasitomala yogulira matabwa, gula matabwa tsiku lomwelo. Ukaona kuti Lachisanu sumaliza, nena Lachiwiri, n'kumaliza Lolemba. Ukakhala pa kauntala, munthu asaime kudikira kuti umalize kuseka ndi foni. Gula kope uzilemba cholowa ndi chotuluka, ndipo mpamba usaudye ngakhale abale akunene kuti ndiwe woumira. Mbiri ya kukhulupirika imatenga zaka, palibe njira yachidule, koma ikamveka makasitomala amachita kukulondola okha mpaka kunyumba, ngakhale ulibe tsamba pa Facebook.

Ndili ndi pempho kwa inu odziwa kutokosa mafoniwa. Akuba akaona kuti inu mwachenjera amatembenukira kwa ife okalamba, amene maso achita chidima ndipo timakhulupirira aliyense wolankhula mwaulemu. Mukapita kumudzi mwezi uno, khalani pansi ndi agogo anu ndi amayi anu. Athandizeni kusintha nambala yachinsinsi ichoke pa chaka chawo chobadwa, yatsopanoyo asankhe okha inu mutayang'ana kumbali. Aonetseni poonera ndalama zotsala, ndipo muwauze kuti aliyense akaimba za ngozi kapena za mphoto, ayambe akuimbirani inu. Mukatero muwaperekeze kuchipatala akayezetse BP ndi shuga, nanunso mukapereke mkono wanu pomwepo.